Ndinatsuka njanji ya bambo

Bambo anachoka pamudzi ine ndili kumbuyo kwa mayi, ndipo anabwera ine ndili ndi wanga mwana kumbuyo. Zaka zonsezo anali kudziko la Halale, pamgodi wa malasha. Kwathu, chakumunsi kwa Dzoole, munthu wotere timangoti mtchona, ndipo si dzina laulemu. Anafika ndi sutikesi imodzi yachitsulo, chikhoti chakuda, ndi chifuwa chimene chinkamveka mpaka kuchitsime. Njinga analibe, wailesi analibe, makina osokera analibe. Anzawo amene ankapita ku Joni zaka ziwiri zokha ankabwera nazo zonsezi, ena mpaka magalasi a m'maso pomwe maso awo ali bwinobwino.

Mayi anawalandira. Anawaikira madzi kubafa, anawaphera nkhuku, chikhoti chija anachichapa katatu madzi akungotuluka akuda bii. Koma kulandira ndi kwina, kukhululuka ndi kwinanso. Mayi anali atalima okha fodya ndi chimanga zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, atafolera okha nyumba, ataika okha m'manda mchimwene wanga amene bambo anamusiya ali ndi zaka zinayi. Maganizo awo anali amodzi ndipo sankabisa: munthu sangakhale zaka zonsezo pamalo owawa. Ngati bambo anakhalitsa, ndiye kuti kunali kokoma.

"Kumene kuli magetsi ndi buledi," ankatero mayi akupeta, osayang'ana munthu, "ndani angakumbukire kuno kwa ife onunkha utsi?"

Bambo anali munthu wa mawu ochepa, ndipo akati afotokoze, chifuwa chinkawalanda mawu asanafike pakati. Chimene ndinatolera ine pang'onopang'ono n'chakuti ntchito yawo inali yolowa kunsi kwa mabogi a sitima zonyamula malasha n'kumapaka girisi m'mawilo, ndiponso kuti chaka chilichonse ankati abwera chaka chamawa akapeza chobwera nacho. Sanachipeze. Pamasiku amene anawatsalira ankafuna chinthu chimodzi chokha, kuti mayi akhulupirire kuti kumene iwo anali sikunali kokoma.

Chaka chachiwiri chibwerereni, titakolola, bambo anatenga chitseko chakale n'kuchigoneka pamphanda zinayi m'chigafa chimene tinasiya kuyanikamo fodya. M'mbali anatchinga ndi masaka. Pachitseko pamenepo anayala dothi n'kuyamba kumanga malo amene ankagwirako ntchito, kang'onong'ono, monga mmene mbalame ingawaonere ikuuluka. Kwathu kunalibe njanji. Ambiri a ife sitima tinkangoidziwa pachithunzi cha m'buku la kusukulu, choncho anthu ankabwera kudzasuzumira, n'kubwerera akupukusa mitu. Chinthucho anachitcha njanji ya achikulire, ndipo dzinalo linakhala.

Njanji yeniyeniyo anaipanga ndi masipoko a njinga, kunsi kwake anayala timitengo ta machesi. Mabogi anali zitini zodula pakati, mawilo ake zotsekera mabotolo. Chumuni cha fakitale chinali mpope wa njinga wothyoka. Thanki ya madzi inali chitini cha polishi wa nsapato, chitaima pamisomali inayi. Malata a madenga ankapanga ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu: ankakagoneka pachipeso n'kukanikiza ndi chikhadabo mpaka mizere ya malata itatuluka. Zinthu zimenezi ankatola ku Mponela tsiku la msika, kuseri kwa masitolo, munthu wamkulu ndi imvi zake akufukula m'dzala. Ine ndikawaona ndinkadzera njira ina.

Mvula isanagwe anamaliza kumanga. Ndinene zoona, chinandisangalatsa. Zitini zili waliwali, madenga ali ngwee, tinyumba tadothi titaima pamzere. Ndinaombera m'manja n'kunena kuti, "Bambo, kani muli ndi luso chonchi!" Iwo anangoti, "Sindinayambe."

Kenako anayamba chimene ine ndinkaona ngati kuwononga, ndipo anachita zimenezo zaka ziwiri zathunthu.

Anaviika misomali yakale m'chitini cha madzi amchere mpaka madziwo anafiira. Ndi nthenga ya nkhuku ankadontheza madzi amenewo padenga lililonse, osati paliponse ayi, koma pamene pangakhale msomali, n'kuwasiya atsike okha kuti asiye mzere wa dzimbiri. Akauma ankabwereza. Denga limodzi linkawatengera sabata. Mwaye ankautenga pokoleza koloboyi masanasana n'kuyendetsa utsi wake pakhoma la fakitale, mbali imodzi yokha. Ndinawafunsa kuti bwanji mbali inayo mukuisiya. Anati mphepo ya kumeneko inkachokera kum'mawa, ndiye utsi unkagwera mbali ya komboni, kumene antchito ankagona.

Malasha anali makala osinja. Anasefa ndi sefa yakale n'kupatula magulu atatu: akuluakulu a m'mabogi, apakati a pamulu, ndi fumbi lokhalokha limene ankauzira ndi pakamwa kuti likakhale m'makona, pamawindo, pamwamba pa chilichonse. Kuchigayo ku Mponela anapempha oilo wakupsa m'kabotolo ka mankhwala. Oilo ameneyu ankadontheza ndi kaudzu pakati pa njanji, pamalo awiri okha pamene injini zinkaima kumwa madzi. Kunsi kwa thanki anajambula mizere yotuwa ndi madzi a phulusa, poti thanki ija inkadontha ndipo panalibe anaikonza. Mabogi ankawapinda ndi msomali kuchokera mkati kupita kunja. Anati bogi ya malasha siphwanyika ngati ndowa yogwa pansi, imatupa, chifukwa katundu amakankha kuchokera mkati.

Panali kanjira kodutsa njanji mopingasa, kuchokera kukomboni kupita kufakitale. Sanakajambule ndi utoto. Tsiku ndi tsiku ankapititsa chala chachikulu pamenepo mpaka dothi linasalala n'kulowa pang'ono, monga zimachitira njira za anthu. Kawindo kamodzi ka kukomboni anakaboola n'kutsekapo kachidutswa ka saka. Anaumba tianthu tadothi makumi awiri, tonse anatipaka mwaye kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Ndipo pakati pa njanji ya kumapeto anakumba kadzenje kautali ngati chala, n'kuthiramo oilo wosakaniza ndi makala kuti kaoneke ngati muli madzi akuda. Kamunthu kamodzi anakaimika m'menemo, mutu wokha ukuoneka kunsi kwa bogi.

"Ameneyo ndine," anatero.

Ine zimenezi zinkandinyansa. Muyenera kundidziwa kaye. Ndinali nditangomaliza maphunziro a zapakhomo kwa masisitere kuparishi, kumene ankatiyendera zikhadabo ndi kuseri kwa makutu ngati ana, ife amayi aanaana. Ndinabwerako ndili wodzimva. Mapoto anga ankawala moti anzanga ankati ndimaphikira m'mbale. Loweruka lililonse ndinkazira nyumba. Mpaka lero, mukalowa kwanga ndi nsapato zamatope tidana, kaya ndinu ndani. Ndiye munthu wotere aone bambo ake akutenga chinthu chowala n'kumachipaka mwaye dala, masiku ndi masiku!

"Bambo, munamanga bwino. Nanga mukuipitsiranji?"

"Sindikuipitsa, mwanawe. Ndikumaliza."

"Kumaliza kwake kumeneko? Aaa, inu!"

Anaseka pang'ono, chifuwa chinawagwira, nkhani inathera pomwepo.

Mayi m'chigafamo sanalowemo ngakhale kamodzi. Akafuna khasu limene lili m'menemo ankatuma ine. Bambo anawaitana kawiri ine ndikumva. Koyamba anati, "Tabwerani mudzaone kumene ndinali." Mayi anayankha ali chilili ndi mtolo wa nkhuni pamutu, "Ndikudziwa kumene munali." Kachiwiri mayi anati amuna anzawo akusoka fodya, iwo ali pazidole, ndipo ngati akufuna wowaombera m'manja akaitane ana a sukulu. Bambo sanawaitanenso.

Masiku amenewo anali a khadi la chipani. Popanda khadi sulowa mumsika, sukwera basi. Bwana wamkulu wa chipani akamabwera kudera, sizinali zofunsa kuti upita kapena ayi. Amuna ankalambula msewu, ana ankasesa, amayi tonse tinkavala nsalu yofanana n'kupita kukavina, kaya uli ndi mutu kaya uli ndi ntchito kumunda. Ndiye panali njereza. Miyala ya m'mbali mwa msewu, njereza. Mitengo kuyambira pansi mpaka m'chiuno, njereza. Chimbudzi cha pasukulu, chitsa, chulu chimene chakana kugumuka, zonse mbee. Bwana ankayenera kuona dziko loyera. Wansanza ankaimikidwa kumbuyo kwa anzake, mbuzi zinkamangidwa kutali. Ife sitinkaona chachilendo, ndi mmene alendo ankalandiridwira.

Zaka ziwiri zija zitatha tinamva kuti bwana wina wochokera kuboma abwera Lachisanu kudzatsegula chipinda chatsopano pasukulu yathu. Ahedi a pasukulupo anakonza zoti pakhale matebulo oonetsa ntchito zamanja za anthu a m'midzi: mphasa, madengu, nsalu zoluka, mipando. Anamva za njanji ya bambo, anabwera kudzaiona, anaima nthawi yaitali atagwira chibwano, kenako anapempha kuti ikaonetsedwe. Ndinkayesa bambo akana. Anavomera ahedi asanamalize kulankhula.

Ahedi atapita, bambo anandiuza chifukwa chake. Anati amayi onse akatha kuvina ankadutsa pamzere kuona matebulo onse, ndipo panalibe wothawa pamzere umenewo.

"Kumeneko amako adzaona, afune asafune," anatero. "Sindifuna anene kanthu. Angoona basi."

Ndinamva mawuwo, koma ndinawamva ndi mutu wanga. Ndinkaganiza kuti bambo akufuna mayi aone luso lawo, anthu akuwayamikira, kuti mayi achite nawo kaso.

Lolemba kunabwera uthenga wa maliro. Alongo awo a bambo anamwalira kwawo, kumapiri a ku Ntchisi, ulendo wa tsiku lathunthu wapansi. Bambo anavala chikhoti chija n'kunyamuka. Anandisiyira mawu akuti ngolo ya ahedi ibwera Lachinayi, ndionetsetse kuti anyamule chitsekocho chogona, asachipendeke, ndipo iwo akatipeza kusukulu komweko Lachisanu.

Lachiwiri kunabwera atcheyamani a chipani a dera lathu, akuyendera zokaonetsa. Anali munthu wamfupi wokonda kulankhula ataika manja kumbuyo. Ndinawalowetsa m'chigafa, ndinachotsa saka limene bambo ankafunditsira. Anayang'ana, anakwinya mphuno.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi njanji, bambo. Kumene bambo anga ankagwira ntchito ku Halale."

"Bwana aone nyansi zimenezi? Akayesa kuti tikunena za dziko lino, muyankha chiyani?"

"Si kuno ayi, ndi ku Halale."

"Bwana adzakhala ndi nthawi yofunsa kuti ndi kuti? Mayi, inu munaphunzira kwa masisitere. Konzani."

Anandisiyira theka la ndowa ya njereza n'kupita.

Ndikanatha kunena kuti ndinachita chifukwa cha mantha, ndipo mantha analipo ndithu, chifukwa masiku amenewo anthu ankatengedwa pazifukwa zochepa kuposa pamenepa. Koma sindinamizira atcheyamani. Zaka ziwiri manja anga ankayabwa ndikaona chitseko chimene chija. Atcheyamani anangondipatsa chilolezo chimene ndinkachifuna kale. Ndinadziuza kuti pakhomo bambo angathe kuchita zimene akufuna, koma chinthu chochokera panyumba pathu sichingakaime pamaso pa anthu chili chakuda ngati kunsi kwa mphika, anthu n'kumati mwana wamkazi wa pamenepo alipo koma.

Lachitatu m'mawa ndinapereka mwana kwa mayi, ndinati ndili ndi zochapa. Ndinalowa m'chigafa ndi beseni, sopo, phulusa, mchenga wosefa ndi zitsononkho zitatu. Ndinayamba ndi malasha. Ndinawakokolola ndi katsache ka udzu, magulu onse atatu pamodzi, n'kukataya kudzala. Mabogi ndinawachotsa limodzilimodzi n'kuwakwecha ndi chitsononkho monga ndimachitira mapoto. Oilo anavuta, anafuna madzi otentha. Dzimbiri linakana sopo, koma ine sindigonja kwa dzimbiri: ndinadula ndimu, ndinathira phulusa, linachoka. Pamene bambo anatupitsa mabogi ndinawongola ndi chogwirira cha supuni. Madenga ena anang'ambika pokwecha, poti kapepala kaja n'kofewa, ndiye ndinawapaka penti wobiriwira amene anatsala popenta chitseko cha nyumba yanga.

Makoma onse ndinawapaka njereza kawiri, mbali ya utsi ija katatu chifukwa mwaye unkatulukabe. Kanjira ka chala kaja ndinakaona ngati polakwika, ndinakafafaniza. Pansi ponse ndinazira ndi mtsiro wabwino, mosalala, mpaka m'mphepete ndinakongoletsa ndi dothi lofiira monga timachitira pakhonde. Kadzenje kaja ndinakapukuta n'kukakwirira. Kamunthu kamene kanali m'menemo ndinakatsuka pamodzi ndi tinzake, tonse ndinativeka malaya a njereza n'kutiimika pamzere kutsogolo kwa fakitale. Pawindo la saka lija ndinaikapo kachidutswa ka nsalu yamaluwa, kodula pa diresi lakale la mwana wanga, ndipo nditaona kuti kakhala bwino ndinaika makatani pamawindo onse a kukomboni. Pomaliza ndinatola timiyala ting'onoting'ono, ndinativiika mu njereza, n'kutindandalika m'mbali mwa njanji monga miyala ya pamsewu wa bwana.

Ndinkaimba pogwira ntchitoyo. Zimenezi ndimazikumbukira bwino, ndipo zimandichititsa manyazi kuposa zina zonse. Zaka ziwiri za bambo zinanditengera kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Nditaima chapatali kuyang'ana, ndinati, ha, koma ndiye chakongola.

Lachinayi ngolo inabwera. Ndinafunditsa njanjiyo ndi nsalu yanga ya patebulo, yoyera, yoluka m'mphepete, ndipo ndinayenda m'mbali mwa ngolo mpaka kusukulu ndikukalipira woyendetsa ng'ombe pa bampu iliyonse. Ahedi anasuzumira kunsi kwa nsalu. Anandiyang'ana, anatsegula pakamwa, anaona atcheyamani ali pafupi, anatsekanso. Anangoti nsaluyo ikhale pomwepo mpaka bwana afike, kuopa fumbi.

Lachisanu tinafika pasukulu dzuwa likutuluka. Bwana anafika masana. Tinavina, ana anaimba, akuluakulu analankhula mmodzimmodzi, aliyense kuthokoza amene walankhula kale. Ine ndinali pamzere wa amayi, mayi ali kutsogolo kwanga, tonse mu nsalu yofanana. Bambo ndinawaona akulowa pabwalo zolankhula zili mkati, atachokera ku Ntchisi osadzera kunyumba, fumbi lofiira mpaka m'mawondo, chikhoti chili paphewa. Ahedi anawakodola n'kuwaimika kuseri kwa tebulo lawo. Bambo sanakhudze nsalu ija. Anaima chilili, manja kumbuyo, maso akufunafuna pamzere wathu mpaka anawapeza mayi.

Bwana anayamba kuyendera matebulo, gulu la anthu a masuti likumutsata. Anagwira dengu, anakhala pampando wina kuyesa ngati uli wolimba, anthu anaseka. Atafika pa bambo, ahedi anachotsa nsalu.

Bambo anaona nthawi imodzi ndi bwana. Ndinali pafupi, ndinaiona nkhope yawo. Sanadzidzimuke monga ndinkayembekezera. Anangoyang'ana uku ndi uku pachitsekopo, ngati munthu amene watsika basi pamalo olakwika. Dzanja lawo linapita pamene panali kadzenje kaja, linaima m'malere, linabwerera kumbuyo.

Bwana anakondwa kwambiri. Anawerama, anakankha bogi limodzi ndi chala, linayenda.

"Achikulire, mwapanga nokha?"

"Inde, bwana."

"Munkagwira ntchito pamenepa?"

"Inde, bwana."

"Malo abwino zedi. Taonani, anthu inu! Ukhondo wotere ndi umene tikufuna m'midzi mwathu. Taonani antchito mmene avalira."

Anthu anaomba m'manja, amayi analuluta, atcheyamani anali mano mbee ngati apanga ndi iwo. Bambo nawonso anaomba m'manja, poti bwana akayamikira sungaime manja ali lende. Asanachoke, bwana analamula kuti chinthu chokongola chotere chisabwerere kumudzi kukadyedwa ndi chiswe, chikhale mu ofesi ya ahedi kuti ana aziphunzirirapo. Anthu anaombanso m'manja. Mawu a bwana sankabwezedwa, choncho njanji ija sinali ya bambo kuyambira pamenepo.

Ine mpaka nthawi imeneyo ndinali ndikadakondwa. Ndinkati ndawapulumutsa bambo, ndawapezeranso ulemu. Kenako mzere wa amayi unayamba kuyenda.

Mayi anadutsa mphasa osayang'ana, anadutsa madengu. Pa tebulo la bambo anaima. Mzere wonse unaima kumbuyo kwawo. Anayang'ana nthawi yaitali, kuyambira kuchumuni mpaka kukomboni, makoma oyera, madenga obiriwira, tianthu ta malaya oyera titaima mwaulemu. Anatambasula dzanja n'kukhudza kakatani kamodzi ndi nsonga ya chala.

"Kani kunali chonchi," anatero, osati mokweza. "Ndi makatani omwe."

Anakweza maso n'kuwayang'ana bambo. Bambo anatsegula pakamwa. Atcheyamani anali pomwepo, bwana ali patebulo lotsatira. Akanati chiyani? Akanati bwana wayamikira bodza? Akanati mwana wanga wawononga, pamaso pa amene analamula? Chifuwa chinabwera, anatembenukira kumbali kukatsokomola, ndipo pamene ankatembenukanso mayi anali atapita kale pa tebulo la mipando.

Apo m'pamene ndinamvetsa zimene bambo anandiuza tsiku lija, zoti mayi angoona basi. Mayi wina kumbuyo kwanga anandikankha kuti ndiyende, ndinayenda.

Tinabwerera kumudzi aliyense payekha. Bambo ndinawapeza atakhala pakhonde, asanavule n'komwe nsapato. Ndinagwada chapatali.

"Bambo, ndine ndinachita."

"Ndadziwa. Kuzira kumene kuja ndi kwako."

"Atcheyamani anati..."

"Malasha aja unataya kuti?"

"Kudzala."

Anagwedeza mutu. Sanakalipe, ndipo ndikanakonda akanakalipa, chifukwa ine kukalipa ndimakudziwa, ndimatha kuyankha. Ndinati tipeza chitseko china, ndikatola ndekha zitini ku Mponela, ndikapempha oilo kuchigayo. Anatambasula manja awo kuti ndiwaone. Ankanjenjemera ngati masamba. Anati denga lomaliza analidontheza dzimbiri atagwira dzanja lamanja ndi lamanzere, ndipo nthenga sangaigwirenso.

Ndinadzuka n'kupita kwa mayi. Anali pamphasa pafupi ndi nkhokwe, atavula kale nsalu ya chipani, akuswa mtedza m'lichero. Ndinakhala pansi n'kuwauza zonse, mwadongosolo, monga munthu aulula kwa ansembe. Ndinati sichinali chonchi. Ndinati chinali chakuda bii, makoma a mwaye, madenga a dzimbiri, windo lotseka ndi saka. Ndinati panali dzenje la madzi akuda pakati pa njanji, ndipo bambo ankaima m'menemo tsiku lonse, bogi lili pamutu pawo. Ndinati makatani aja ndi a diresi la mdzukulu wawo, akhoza kukaona okha pamene ndinadula. Ndinati ndine ndinatsuka, Lachitatu, pamene ndinawanamiza kuti ndili ndi zochapa. Ndinkalira polankhula, ine amene sindilira wamba.

Mayi anandimvera mpaka kumapeto, manja akugwirabe ntchito. Nditamaliza anauzira makoko m'lichero, anandiyang'ana mwachifundo.

"Ndiwe mwana wabwino," anatero. "Koma usawaikire kumbuyo abambo ako. Ine ndaona ndekha ndi maso angawa."

Anatapanso mtedza wina n'kupitiriza kuswa. Kuchokera pankhokwe kufika pakhonde panali mapazi khumi okha, ndipo bambo anamva zonse.